Kukonzanso mafulati akale mu Lusaka: poyambira ndi ndondomeko ya ntchito

Mafulati akale a ku Kabwata, Northmead, Rhodes Park, Longacres ndi Emmasdale ali ndi chinthu chimodzi chimene nyumba yatsopano ya ku Chalala kapena ku Silverest singakhale nacho: ali pafupi ndi tauni. Nesi wa ku chipatala cha UTH, kalaliki wa m'maofesi a boma ku Ridgeway kapena wogwira ntchito kubanki mu Cairo Road akakhala ku Kabwata amakwera basi imodzi, mwinanso kungoyenda wapansi. Mnzake amene anamanga kutali amadzuka kusanache kuti apewe mzere wa magalimoto pa Great East Road kapena Kafue Road, madzulo n'kufika ana atagona. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ndipo mapuloti apafupi ndi pakati pa mzinda anatha kale. N'chifukwa chake fulati ya m'madera amenewa, ikakhala ndi madzi odalirika, magetsi otetezeka ndi geti lokhoma, sikhalitsa yopanda munthu.

Vuto ndi zaka za nyumbazi. Zambiri zinamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1970, ndipo makoma ake akadali olimba, ena kuposa a nyumba za masiku ano. Zimene zinatha ndi zobisika: mapaipi a m'khoma, mawaya, phula la padenga, zitsulo za m'kati mwa konkire. Eni ake ambiri amayambira pa matailosi ndi penti chifukwa ndi zimene maso amaona, chaka chisanathe n'kuswanso matailosi omwewo pofunafuna paipi yophulika. Ntchito iyenera kuyambira pa mapepala, kenako denga ndi konkire, kenako madzi ndi suweji, kenako magetsi, pulasitala ndi penti pomaliza. Ngati ndalama zingathere panjira, zithe denga ndi mapaipi zili bwino.

Nyumbayi ndi ya ndani?

Mu 1996, pa ulamuliro wa Pulezidenti Frederick Chiluba, nyumba zambiri za khonsolo ndi za boma zinagulitsidwa kwa anthu amene ankakhalamo. Zotsatira zake n'zakuti mdadada umodzi wa mafulati 12 ukhoza kukhala ndi eni ake 12. Ena ali kunja kwa dziko, ena anamwalira ndipo ana sanamvane za chuma, ena anabwereketsa fulati n'kuiwala za denga. Lamulo la Common Leasehold Schemes Act la 1994 limalola kuti fulati iliyonse ikhale ndi taitolo yakeyake, koma denga, masitepe, bwalo ndi mapaipi aakulu zimakhala za onse, ndipo eni onse pamodzi ndi amene ayenera kuzisamalira.

Musanagule kapena kuwononga ngwee iliyonse, kafufuzeni ku Unduna wa za Malo dzina lolembedwa pa taitolo, ngati pali ngongole ya kubanki imene yamangirira fulatiyo, ndi ngati lendi ya malo ya boma inalipiridwa. Ku Civic Centre, kumaofesi a khonsolo ya mzinda, funsani za mareti otsalira. Ku kampani ya madzi funsani ngati mdadada wonse uli pa mita imodzi, chifukwa ngongole ya madzi ya zaka zambiri imagwera aliyense amene ali pa mitayo.

Ngati eni ndi ambiri, itanani msonkhano musanaitane mmisiri. Kumeneko mudzamva amayi a pansi akunena kuti, "Ife kwathu sikudontha, denga ndi la a pamwamba," abambo a pamwamba nawo n'kuyankha kuti manhole ikasefukira siwafika. Onse awiri akulakwitsa, chifukwa madzi olowa padenga amatsika ndi makoma kapena zipilala mpaka pansi, ndipo zimene zimatseka manhole zimachokera m'zimbudzi za onse. Mutu umodzi susenza denga. Sankhani komiti, tsegulani akaunti ya kubanki yosainira anthu awiri kapena atatu, ndipo lembani kuti fulati iliyonse izisonkha zingati pamwezi. Ndalama za mdadada zikamasungidwa pa foni ya munthu mmodzi, mkangano suchedwa.

Kupaka penti ndi kusintha mapaipi sikufuna chilolezo. Kugwetsa khoma, kuwonjezera chipinda kapena nsanja, kutseka khonde, kapena kusandutsa fulati kukhala ofesi kumafuna chilolezo cha Lusaka City Council malinga ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015. Mapulani ajambulidwe ndi katswiri wolembetsedwa, injiniya akhale wa ku Engineering Institution of Zambia, kontilakita akhale ndi satifiketi ya National Council for Construction ya chaka chimenecho. Anthu a lendi amene alimo amatetezedwa ndi Rent Act, choncho apatseni chidziwitso cholembedwa nthawi ikadalipo ndipo mumvane za kumene akakhale ntchito ili mkati. Kuwadulira madzi kapena magetsi kuti achoke kumathera kukhoti.

Kuyendera nyumba

Nthawi yabwino yoyendera ndi February kapena March, mvula itanyowetsa zonse. Mu August nyumba iliyonse imaoneka youma. Tengani tochi, kanyundo, sikuludilaiva ndi choko, muyambire padenga kutsika.

Gogodani ndi kanyundo kunsi kwa makonde a m'mwamba, kunsi kwa masitepe, m'mphepete mwa silabu ya denga ndi pa zipilala. Konkire yabwino imalira mwakuthwa. Yomwe yalekana ndi chitsulo imalira ngati muli mphako, ndipo nthawi zambiri pafupi pake pamakhala mzere wofiirira wa dzimbiri. Zungulizani malo otero ndi choko.

Ming'alu si yofanana. Yopyapyala ngati tsitsi, yosafika milimita imodzi, kawirikawiri ndi ya pulasitala chabe. Yotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, yopingasa kuchokera pa ngodya ya windo, kapena yokula kuposa mamilimita 5, ikunena za maziko. Madera ambiri a Lusaka ali pamwamba pa miyala ya laimu yokhala ndi mphako, ndipo paipi ikamadontha pansi kwa zaka zambiri imakokolola dothi la pansi pa maziko. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukukulabe, matani kapulasitala kakang'ono kodutsa pa mng'aluwo, lembani deti pambali, muzikaona kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kakasweka, nyumba ikusunthabe, ndipo kumata pamwamba n'kungotaya simenti. Apa pafunika injiniya, ndipo lipoti lake likhale lolembedwa. Malipiro ake ndi ochepa powayerekeza ndi mtengo wa khonde logwera pa galimoto ya munthu kapena pa mwana.

Injiniya yemweyo akuuzeni makoma amene asenza silabu. M'mafulati ambiri akale a nsanja ziwiri kapena zitatu mulibe zipilala, makoma a njerwa ndiwo anyamula nyumba. Anthu a lendi masiku ano amakonda khitchini yotsegukira kuchipinda chochezera, koma khoma logwetsedwa mufulati ya pansi popanda bimu, mtanda wosenza katundu wa pamwamba, limang'ambitsa mafulati onse a pamwamba pake.

Denga

Ntchito ya denga ichitike kuyambira May mpaka October. Pa denga la silabu, musamate phula latsopano pamwamba pa lakale limene latupa, chifukwa pansi pake pali madzi amene dzuwa likawomba amasanduka nthunzi n'kutupitsanso latsopanolo. Chotsani lonse mpaka pa konkire. Thirani madzi muone kumene akuima. Pamene pakuima madzi pafunika sikilidi, simenti yoyalidwa pamwamba pa silabu, yotsetsereka sentimita imodzi pa masentimita 80 aliwonse kulowera ku mapaipi otulutsira madzi. Pa ngodya ya silabu ndi kakhoma kozungulira denga ikani simenti yopendekera kuti phula lisapindike mwamphamvu n'kuthyoka.

Sikilidi ikauma, pakani pulaima, kenako yalani phula la m'mipukutu lowotcha ndi moto, lokhuthala mamilimita 4. Mipukutu isanjikizane masentimita 10 m'mbali ndi 15 kumapeto, ikwere pa kakhoma masentimita osachepera 15, nsonga yake ilowe mumzere wosemedwa m'khoma. Madenga ambiri amadontha pa malo atatu: pa kakhoma, pa kamwa la paipi yotulutsira madzi, ndi pamene wina anaboola kuti amangirire mbale ya TV. Mukamaliza tsekani mapaipi, dzazani madzi masentimita 5, asiyeni masiku awiri mukuyang'ana siling'i ya pansi pake. Kenako pakani penti ya siliva, ndipo muzibwereza pakatha zaka ziwiri kapena zitatu chifukwa dzuwa la October limaumitsa phula n'kuling'amba.

Pa denga la mitengo, kwerani mu siling'i mubaye mitengo ndi sikuludilaiva, makamaka pamene yakhudza khoma. Ikalowa mosavuta, chiswe chinadya kale. Malata atsopano a IBR akhale a mamilimita 0.5. Opyapyala kwambiri amapindika munthu akapondapo ndipo misomali imaboola mabowo aakulu.

Nyumba zambiri za nthawi imeneyo zili ndi malata a asibesito, ndipo zina zili ndi mathanki a madzi a asibesito mu siling'i. Fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda osachiritsika amene amaonekera patapita zaka zambiri. Musawadule ndi gilainda, musawapale, musawatsuke ndi madzi a mphamvu. Anyowetseni, masulani mabawuti, tsitsani lata lililonse lathunthu, ogwira ntchito atavala zophimba kumaso za mtundu wa P3, ndipo likulungidwe mu pulasitiki. Funsani a ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, za kotayira. Kugulitsa malata otero kwa omanga makola a nkhuku ndi kungopatsira banja lina matendawo.

Konkire yothothoka

Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kukankha konkire yochiphimba mpaka kuithothola. Amisiri ambiri amangomata dothi la simenti pamwamba, ndipo mvula ziwiri zikadutsa chigamba chimagwa ndi dzimbiri lake. Njira yake ndi iyi: semani mpaka mutapitirira kuseri kwa chitsulo masentimita awiri, kuti chala chizitha kuzungulira chitsulocho, ndipo tsatani chitsulo mbali zonse mpaka mutapeza pamene chili choyera. Palani dzimbiri ndi bulashi ya waya. Ngati chitsulo chadyeka moonekeratu, injiniya anene kukula ndi kutalika kwa china chowonjezera. Pakani mankhwala oteteza chitsulo, nyowetsani konkire yakale, pakani chomatira, kenako dzazani ndi dothi lokonzera konkire la m'matumba, losanganiza kale kufakitale. Chitsulo chiphimbike masentimita awiri ndi theka. Khonde kapena bimu imene mukusema kwambiri iyambe yachirikizidwa ndi mizati.

Madzi ndi suweji

Apa ndi pamene fulati imapezera kapena kutayira anthu a lendi. Funso loyamba la munthu wofuna nyumba mu Lusaka ndi lakuti madzi amatuluka nthawi zonse kapena ayi.

Dulani kachidutswa ka paipi yakale yachitsulo muyang'ane m'kati. Paipi imene inali yolowa chala chachikulu mudzaipeza yatsala kabowo kongokwana pensulo, kozunguliridwa ndi dzimbiri lofiira ndi laimu woyera. Madzi a m'zitsime za Lusaka ali ndi laimu wambiri, ndi yemwe amamata m'maketulo ndi kupha ma element a giza. Paipi yotere siitsukika. Kusintha chidutswa chimodzi kumangosunthira kuphulika pa mfundo yotsatira, ndipo kulumikiza kopa ndi chitsulo chakale kumafulumizitsa kudyeka. Sinthani zonse, kuyambira pa mita mpaka pa mpopi womaliza.

Mapaipi apulasitiki a PPR ndi amene akugwiritsidwa ntchito kwambiri tsopano. Paipi yokwera nsanja ikhale ya mamilimita 32 kapena 40, yolowa mufulati 25, yopita ku mipopi 20, ndipo ya madzi otentha ikhale ya PN20. Amalumikizidwa ndi makina otentha madigiri 260. Pulamba akasiya paipi pa makina nthawi yaitali, kapena akaikankha mopitirira, pulasitiki yosungunuka imatseka njira m'kati mwa mfundo, ndipo mudzadabwa kuti mapaipi ndi atsopano koma shawa ikungodontheza. Muuzeni alumikize mfundo imodzi yoyeserera, muidule pakati muone ngati bowo lili lotseguka.

Ngati n'kotheka, mapaipi okwera adutse kunja kwa khoma la kumbuyo kapena mu kabokosi kotsegulika, kuti tsiku lokonza musaswe nyumba. Mapaipi a kunja aphimbidwe chifukwa dzuwa limawononga PPR. Posema khoma, mzere woimirira usapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwa khomalo, mizere yopingasa ipewedwe, ndipo bimu ndi chipilala sizisemedwa konse. Fulati iliyonse ikhale ndi vavu yake ndi mita yake. Popanda vavu, mpopi umodzi ukawonongeka mdadada wonse umakhala wopanda madzi. Popanda mita, amene amachapa zovala za malonda amalipira mofanana ndi wokhala yekha. Musanamate pulasitala, popani madzi m'mapaipi mpaka geji yoyeza mphamvu ya madzi ifike pa 6 bar, siyani ola limodzi. Muvi wa geji ukatsika, pali podontha.

Kukula kwa thanki kuwerengedwe. Mafulati 12 a anthu anayi anayi ndi anthu 48. Pa malita 100 munthu aliyense patsiku, ndi malita 4,800. Madzi a masiku awiri ndi pafupifupi malita 10,000, ndipo kulemera kwake ndi matani 10. Silabu ya denga lakale sinamangidwe kuti isenze katundu wotere, choncho musaikepo thanki injiniya asanavomere. Chimene chimagwira bwino ndi thanki yaikulu pansi yolandira madzi a kampani, pampu, ndi thanki yocheperapo pa sitandi yachitsulo yokhala ndi maziko akeake. Mamita 10 a kutalika amapereka 1 bar, choncho thanki imene tsinde lake lili mita imodzi yokha pamwamba pa shawa ya nsanja yomaliza siipereka mphamvu yokwanira kusamba. Ikwezeni mamita anayi kapena asanu pamwamba pa shawayo. Pampu yokankha madzi molunjika m'mipopi ndi yabwino magetsi akakhalapo, koma akazima mipopi imaumanso, pamene thanki ya pamwamba imapitiriza kupereka madzi. Mukaika pampu yotero, isapitirire 3 bar, ndipo onani chizindikiro cha pa giza aliyense, chifukwa magiza akale a mphamvu yochepa amaphulika.

Chitsime chobooleredwa ndi makina chimafuna chilolezo cha WARMA, bungwe loyang'anira za madzi. Chikhale mamita osachepera 30 kuchokera pa septic tank kapena dzenje lake, ndipo ngakhale zili choncho madzi akapimidwe ku labotale chaka chilichonse, chifukwa m'miyala ya laimu zonyansa zimayenda mtunda wautali m'ming'alu osasefedwa. Kolera ya 2017 mpaka 2018 ndi ya 2023 mpaka 2024 inaonetsa zimene madzi a pansi odetsedwa amachita mumzinda uno. Mathanki akhale ndi zivundikiro zokhoma ndipo azitsukidwa kawiri pachaka.

Mapaipi a zimbudzi akale ndi achitsulo cholemera, ndipo amang'ambika kumbali yoyang'ana khoma kumene diso silifika. Chizindikiro ndi mzere wobiriwira kapena wakuda wotsika ndi khoma kuseri kwa paipi. Sinthani ndi PVC ya mamilimita 110, ya masinki ndi mabafa ikhale 50. Paipi yogona itsetsereke masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ikachepa kutsetsereka zonyansa zimaima, ikachuluka kwambiri madzi amathamanga n'kusiya zolimba m'mbuyo. Paipi yotulutsa mpweya ipitirire denga. Ikadulidwa kapena kutsekedwa, chimbudzi cha pamwamba chikagejemulidwa chimayamwa madzi a m'misampha ya masinki a pansi, fungo n'kulowa m'nyumba. Tsegulani manhole zonse. Mapaipi adothi a pansi amalowedwa ndi mizu ya jakaranda ndi mango, ndipo kuwatsegula ndi ndodo kumathandiza miyezi yochepa chabe. Madzi a padenga asalowe mu suweji, ndiwo amasefukiritsa manhole mu January.

Bafa la m'mwamba likonzedwe poganizira munthu wa pansi. Chotsani matailosi ndi sikilidi yakale, yalani yatsopano yotsetsereka kulowera ku dileni, pakani mankhwala a simenti otchinga madzi kawiri, kachiwiri mopingasa koyamba, ndi kansalu kake m'makona ndi mozungulira mapaipi. Akwere khoma masentimita 15, mu shawa mamita 1.8. Dzazani madzi tsiku lathunthu, tsikani mukaone siling'i ya anzanu, kenako ndiye muike matailosi. Matailosi paokha satchinga madzi, amadutsa m'mizere.

Magetsi

Mawaya a m'nyumbazi anaikidwa nthawi imene banja linali ndi mababu, wailesi, ayironi ndi sitovu. Lero fulati yomweyo ili ndi firiji, giza, ketulo, maikulowevu, makina ochapira ndi mahita mu June. Mukaona masoketi a mabowo ozungulira, bokosi la mafyuzi omangidwa ndi waya, masoketi odetsedwa ndi utsi, kapena waya amene chikopa chake chimafumbutuka mukachipinda, sinthani zonse. Wa magetsi ayeze mawaya ndi makina otchedwa mega pa mavoti 500, ndipo zotsatira zochepera 1 megaohm zikutanthauza kuti magetsi akuthawira penapake.

Fulati iliyonse ikhale ndi DB yake (bokosi logawa magetsi) ndi mita yake ya ZESCO yogulira mayuniti. Waya wa malaiti ndi 1.5 mm pa breaker ya 10 amp, wa masoketi 2.5 mm pa 20 amp, wa sitovu 6 mm pa 32 amp, ndipo giza akhale ndi mzere wakewake ndi swichi yake. Earth leakage ya 30 mA, swichi yodula magetsi akayamba kuthawira pansi, ndi imene imapulumutsa munthu wogwira firiji yogwidwa magetsi ali wopanda nsapato pa simenti yonyowa. M'nyumba zakale waya wa earth ankamangidwa pa paipi yachitsulo ya madzi, ndiye mukasintha mapaipi kukhala apulasitiki earth ija yatha osadziwa. Khomani ndodo zakopa pansi, ziyezedwe. Pogula waya, palani nsonga ndi mpeni. Wachinyengo ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, m'kati mwake ndi moyera, ndipo amatentha pa katundu amene wakopa amanyamula bwinobwino.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima nthawi yaikulu ya tsiku, ndipo kuyambira pamenepo anthu a lendi amafunsa za sola asanafunse za kukula kwa chipinda. Pamene makoma ali osemedwa kale, patulani mzere wa zinthu zofunika: malaiti, soketi ya firiji, ya TV ndi ya intaneti, zipite ku kabokosi kakekake kuti inivata idzalumikizidwe mosavuta. Giza ndi sitovu zisakhale pa mzerewu. Pakhale swichi yosinthira, kuti inivata kapena jenereta isabweze magetsi m'mawaya a mumsewu kumene wina akugwira ntchito. Ikaninso chotchinga magetsi obwera mwamphamvu, chifukwa zipangizo zambiri zimapsa pa mphindi imene magetsi abwerera. Sola ya mdadada iyambire pa pampu ya madzi, malaiti a pa masitepe ndi geti. Mapanelo ayang'ane kumpoto, apendekere madigiri pafupifupi 15, ndipo pa denga la silabu akhale pa mabuloko a konkire olemera, osaboola phula limene mwangoyala. M'khitchini siyani malo a silinda ya gasi pafupi ndi windo kapena kabowo ka mpweya kamunsi, kuti anthu asamalowetse mbaula m'nyumba yotseka.

Pulasitala, pansi ndi mawindo

Chinyezi chokwera kuchokera pansi, chimene chimatupitsa penti mpaka m'chiuno, kawirikawiri chimabwera chifukwa dothi, maluwa kapena pevimenti zakwera kuposa phula la m'maziko. Tsitsani bwalo likhale masentimita 15 pansi pa mzere umenewo, ndipo litsetsereke kuchoka ku nyumba. Chotsani pulasitala yodwala mpaka masentimita 30 pamwamba pa pothera chinyezi, khoma liume milungu ingapo.

Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 pa mawilibala awiri a mchenga osasefukira limamata pafupifupi masikweya mita 9 kapena 10. Mchenga uyeseni mu botolo la madzi: gwedezani, siyani udikhe, ndipo matope okhala pamwamba asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi. Thirirani pulasitala masiku 7, penti idikire masiku 28.

Pansi pa matabwa ang'onoang'ono a mukwa kapena mukusi musapachotse. Matani amene asuntha, palani ndi makina, pakani vanishi katatu, ndipo padzakongola kuposa matailosi ambiri a m'sitolo. Chimodzimodzi masitepe a terrazzo, amangofuna kupukutidwa ndi makina. Mafelemu achitsulo a mawindo nawonso amakonzeka: owotcherera a ku Kalingalinga amadula chigawo chamunsi chodyeka n'kuika china, inu n'kupaka pulaima yofiira ndi kuika magalasi ndi putty watsopano. Zitsulo zotchinga akuba zikhale ndi windo limodzi lotseguka ndi kiyi m'fulati iliyonse, makamaka m'midadada ya masitepe amodzi, kuti moto ukabuka pakhomo anthu akhale ndi potulukira. Matabwa a kumsika wa Buseko amabwera aawisi nthawi zambiri, choncho aumitseni pamthunzi ndi kuwapaka mankhwala a chiswe musanawakhome.

Zimene anthu a lendi amalipirira, ndi kayendetsedwe ka ndalama

Ofuna kukhala pafupi ndi tauni ambiri ndi achinyamata oyamba ntchito, mabanja aang'ono, manesi ndi madokotala, ndi ophunzira a ku UNZA kapena Evelyn Hone amene amagawana fulati. Amayang'ana madzi, magetsi, chitetezo, poimika galimoto, poyanika zovala, makabati ndi masoketi okwanira. Zokongoletsa zodula sizikweza lendi kupitirira imene dera limalola, choncho funsani lendi ya mafulati okonzedwa a mumsewu womwewo musanasankhe matailosi. Kugawa fulati yaikulu kukhala tizipinda tambiri kumaoneka kopindulitsa, koma kumachulukitsa zimbudzi pa paipi imodzi ndi masitovu pa waya mmodzi, ndipo kumafuna chilolezo cha khonsolo ndi kuuza ZESCO za katundu wowonjezeka. Malo a zinyalala okhala ndi chitseko, ndi mgwirizano ndi kampani yozitola, zimasintha maonekedwe a mdadada kuposa penti ya kunja.

Pa bajeti ya nyumba yakale onjezerani 15 mpaka 20 peresenti ya zosayembekezeka, chifukwa zambiri zimaoneka khoma likatsegulidwa. Pezani makoteshoni atatu olembedwa pa mndandanda umodzi wa ntchito, wotchula kukula kwa paipi, kukhuthala kwa phula ndi mtundu wa waya. Koteshoni yongoti "kukonza bafa" siingayerekezedwe ndi ina. Lipirani pa gawo lililonse lomalizidwa ndi kuyesedwa: denga litapambana mayeso a madzi, mapaipi atasunga 6 bar, mawaya atayezedwa. Ngati anthu akukhalamo, gwirani mzere umodzi wa mafulati osanjikizana nthawi imodzi, chifukwa amagawana paipi imodzi, ndipo auzeni masiku amene madzi adzatsekedwe.

Jambulani zithunzi za khoma lililonse mapaipi ndi mawaya asanaphimbidwe, tepi yoyezera ikuoneka pa chithunzi, ndipo zisungidwe mu failo ya komiti pamodzi ndi lipoti la injiniya, zotsatira za mayeso a magetsi ndi chitsimikizo cha denga. Mu mgwirizano lembani kuti 5 peresenti ya malipiro a kontilakita idzatsala m'manja mwanu mpaka nyengo imodzi ya mvula itadutsa, ndipo idzaperekedwe mu April mutayenderanso siling'i, mabafa ndi manhole limodzi naye.